A Mano ndi Mabuku a Anamapopa

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi dokotala basi. Ena onse ankangoti a Mano, chifukwa ntchito yawo inali yopanga mano oikirira m'kachipinda kakumbuyo kwa chipatala china cha mano. Kachipindako kanali ndi windo limodzi loyang'anizana ndi khoma la sitolo ya nsapato. Munali tebulo lalitali lotuwa ndi fumbi la pulasitala, kanyali kosungunulira phula, timatupa ting'onoting'ono, ndi shelefu yodzaza nsagwada za anthu. Munthu wolowa koyamba ankaima kaye pakhomo, kudabwa kuona mano ambirimbiri akumusekerera popanda nkhope.

A Mano anali bambo wamfupi, wa kamimba, wovala magalasi kunsonga kwa mphuno. Zala zawo zinali zonenepa ngati za woumba njerwa, koma zinkagwira kadzino kakang'ono osakagwetsa. Analowa m'kachipindako tsitsi lili bii, anatulukamo lili mbuu, ndipo pa zaka zonsezo anthu ankawadziwa ndi zinthu ziwiri: mano osapweteka usinini, ndi mabuku a anamapopa.

Buku loyamba silinali lawo n'komwe. Analisiya pa benchi bambo wina amene anabwera kudzazulitsa dzino, nachoka atagwira tsaya osacheukanso. Linalibe chikuto ndipo masamba ake anali atafiira. A Mano analisunga kudikira mwini wake, koma tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro anangoti aoneko tsamba loyamba. Tiyi anazizira m'kapu. Dokotala anachita kugogoda patebulo kuti abwerere kuntchito.

Inali nkhani ya namapopa, inde, koma osati wa mphekesera zimene anthu amaopsezana nazo. Uyu anali wa m'mabuku: munthu amene anafa koma osatha, wa mano awiri osongoka, wodana ndi dzuwa. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti namapopayu anali wovutika ngati aliyense. Ankakhala m'chipinda cha lendi chodontha, ankavala jekete yothetheka m'zigongono, ndipo ntchito yake inali yofufuza milandu imene apolisi anaitaya. Ankamenyedwa, n'kudzuka, n'kusasa fumbi, osadandaula. Akafunsidwa funso lalitali ankayankha ndi mawu awiri.

Kuyambira pamenepo a Mano anayamba kusakasaka mabuku otere kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Ankawatcha nkhani zouma. Za anamapopa olemera, ovala mikanjo, onyengerera atsikana ndi maluwa, analibe nazo ntchito. "Amenewo ndi madzi otentha opanda masamba a tiyi," ankatero.

Vuto linali lakuti a Mano akakonda chinthu sankatha kuchikonda okha. Dokotala ankawalola kutenga okha muyeso wa m'kamwa mwa odwala, ndipo mpata wawo unali womwewo. Ankadzaza kambale ndi zofewa zija zopangira chikombole, kukalowetsa m'kamwa mwa munthu, n'kunena kuti, "Lumani pang'ono. Eya, choncho. Musalankhule mpaka ziume." Munthu ali duu pampando, maso tong'o, iwo n'kukoka kampando kawo.

"Kodi mumawerenga, mayi? Ingogwedezani mutu. Pali buku lina limene ndikufuna mulione. Musaope, magazi alimo koma ndi ochepa kuposa amene mwalavula lero. Muli mkulu wina amene sagona usiku, osati chifukwa cha dzino ayi..."

Ena ankatuluka akupukusa mutu, koma ambiri akabwera kudzayesa mano awo atsopano ankachoka ndi buku m'chikwama. Mabuku ena ankabwerera, ena ayi, ndipo a Mano sankalondola.

Kunyumba akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde, anali atatopa nazo. "Inu abambo," ankatero akupalasa makina, "kuntchito mano, kunyumba mano. Kodi mabuku a anthu a zibwano zabwinobwino kulibe?"

"Alipo, mayi, koma amagonetsa tulo."

"Ndiye si bwino? Munthu agone."

A Mano ankalembanso. Tinkhani tawo tingapo tinatulukapo m'nyuzipepala, ndipo anali atayamba buku lalikulu limene silinkatha. Wofufuza milandu wawo anakwera masitepe a nyumba ina kukagogoda pachitseko, ndipo a Mano sanadziwe kuti atsegule ndani. Akazi awo ankafunsa mwa apo ndi apo kuti, "Kodi mkulu uja anatsika?" Iwo n'kuyankha kuti, "Adakali pomwepo, miyendo yake ndi yolimba."

Kulembako n'kumene kunawafikitsa ku gulu la Loweruka. Linkakumana masana m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya makope ndi zolembera. Mwini sitoloyo, amenenso ankalemba ndakatulo mobisa, ankasungiramo katundu, choncho mipando inali makatoni. Wochedwa ankakhala pa katoni ya choko n'kupita kwawo thalauza ili mbee. Munali ketulo imodzi yosachedwa kupsa mtima, makapu osafanana, ndi fungo la mapepala atsopano limene a Mano ankati akadzafa adzalisowa kuposa fungo la kunyumba kwawo. Aliyense ankabwera ndi zimene walemba, kuwerenga mokweza, enawo n'kunenapo.

Woyamba kunenapo nthawi zonse anali mphunzitsi wina wa ku sekondale, wamtali, wowonda, wa cholembera chofiira m'thumba la malaya. Pamaso ankati Aphunzitsi, kumbali ankati a Lumo. Sanali munthu woipa, ndipo nthawi zambiri ankanena zoona, koma akamaliza kumeta nkhani yako unkatsala ndi mpala. Nyuzipepala ya Loweruka inali ndi kangodya ka ndemanga za mabuku, pakati pa za mpira ndi za maliro, ndipo a Lumo ndiwo ankalembamo. Olemba ankatsegula tsambalo ngati munthu wotsegula chilonda.

Chaka china a Lumo anatanganidwa ndi kuchonga mayeso, ndipo mkonzi anapempha gulu kuti lipeze wina wothandizana nawo. Onse anayang'ana pansi. A Mano anakweza chala. Kuchokera apo kangodyako kankasinthana: mlungu uno lumo, mlungu wamawa mafuta.

Kalembedwe ka a Mano kanali kosavuta. Ankanena za bukulo, chimene chinawakomera, ndi munthu amene lingamukomere. Zoipa ankakauza mwini wake pamaso, ali awiri, tiyi ali m'manja. Mkonzi atawafunsa ngati analipo buku limene linawanyansa, anayankha ndi za kuntchito kwawo. "Bwana, ndaona m'kamwa mwa anthu ambiri. Ngakhale mutaola bwanji, kawirikawiri limapezeka dzino limodzi lolimba. Ife sitilizula limenelo. Timakolekapo enawo."

Loweruka lina kunabwera mayi wina wogwira ntchito ku positi. Anali wamasiye, wa ana awiri, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Anakhala pa katoni ya choko chifukwa panalibe womuchenjeza, natulutsa mapepala m'chikwama. Nkhani yake inali ya Sajeni, mzimayi amene anachotsedwa ntchito yaupolisi atasanduka namapopa, n'kukachita lendi pamwamba pa sitolo ya nyama, kumafufuza anthu osowa amene abale awo analibe wowamvera. A Mano atangomva zimenezo anakhala tsonga, kapu ili m'malere.

Mayiyo atamaliza, a Lumo anatsokomola. "Mayi, chiganizo chanu choyamba chili ndi miyendo ngati bongololo. Ndinachitsatira mpaka ndinaiwala kumene chinachokera. Ndipo mvula yagwa pa tsamba lililonse. Kodi m'tauni mwanumo anthu amayanika liti zovala?"

Ena anaseka. Mayiyo anapinda mapepala ake bwinobwino, nathokoza, natsika masitepe tiyi asanamwe. A Mano anafuna kunenapo koma anachedwa, chifukwa iwo mawu ankabwera pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wakutha.

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro anavula epuloni napita ku positi. Anaima pamzere wautali, ndipo atafika pawindo mayiyo anawazindikira nagwetsa nkhope.

"Ndikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Ndikufuna kudziwa amene anabisa mwamuna wa telala uja wa m'nkhani yanu."

"Zimene zija ndasiya. Ndapatsa ana kuti azijambula kumbuyo kwake."

"Alandeni msanga. Tamverani, mayi. Pamene telala anafunsa Sajeni wanu ngati samva chisoni, iye anati, 'Ndili ndi ludzu.' Basi. Ine ndalemba zaka zonsezi koma mawu otere sanandibwererepo. Inu mwangowatola ngati mukutola sitampa."

"Nanga bongololo uja?"

"Bongololo alipodi, Aphunzitsi sananame. Mudulenidule. Koma musataye nyumba chifukwa cha bongololo."

Kumbuyo munthu wina anakuwa kuti, "Akulu, ngati mukufunsira mukafunsire kunyumba, ife tili ndi makalata!" Mzere wonse unaseka, ndipo mayiyo anaseka nawo, dzanja lili pakamwa. A Mano anagula sitampa yopanda ntchito kuti asachite manyazi, natuluka makutu akutentha.

Mayi wa ku positi anabwerera Loweruka lotsatira, ndipo ulendo uno anasankha katoni ya makope. Ziganizo zake zinali zitafupika, mvula itachepa. A Lumo anangoti, "Hmm," ndipo odziwa anati kumeneko kunali kuyamikira. Patapita chaka ndi miyezi buku linatuluka kwa wosindikiza wina wa kuseri kwa msika. Pepala lake linali lopyapyala moti unkaona mawu a tsamba lakumbuyo, ndipo pachikuto Sajeni anatuluka ndi diso limodzi lalikulu kuposa linzake. A Mano analiwerenga kawiri, nalemba m'kangodya kaja kuti:

"Ngati munaimapo pakauntala ya ofesi ina iliyonse n'kuuzidwa kuti mubwere mawa, bukuli ndi lanu. Sajeni sauza munthu kuti abwere mawa. Salira, sapepesa, ndipo nsapato zake zimalowa madzi. Musaweruze ndi chikuto. Wolemba wake ndi watsopano, ndipo ine ndikudikira kale lachiwiri."

Mlungu umenewo anthu ankafika pawindo la ku positi n'kunena kuti, "Sitampa imodzi ndi Sajeni mmodzi." Mayiyo ankasunga mabukuwo pansi pa kauntala, ndipo bwana wake ankayang'ana kumbali chifukwa nayenso anali pakati pa kuliwerenga. Tsiku lina mayiyo anafika ku kachipinda ka a Mano atanyamula nyuzipepala ija, naima pakati pa nsagwada zija. Kenako anati, "Mwana wanga wamkulu wakaiwerenga kusukulu pamaso pa anzake." A Mano anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi epuloni yafumbi, kuwadetsa kuposa poyamba.

Si nthawi zonse pamene zinkatha bwino chotero. Mmodzi wa gulu lija, wogulitsa mankhwala, anatulutsa buku lalikulu ngati njerwa, ndipo a Mano analifufuza mpaka anapeza galu wa wofufuza milandu, amene analembedwa mokoma zedi. Analemba ndemanga yonse za galuyo. Patangopita masiku ochepa mayi wa sitolo ya nsapato, wa kuseri kwa khoma lija, analowa osagogoda naponya bukulo patebulo, fumbi la pulasitala n'kuti kobo.

"A Mano, munati muli galu wabwino."

"Mulibe kodi?"

"Galuyo wafa buku lisanafike n'pakati pomwe! Otsalawo ndi zitsa zokhazokha. Ndakhala nazo mlungu wathunthu kudikira kuti mwina galu adzuka, poti ndi buku la anamapopa."

A Mano anaseka mpaka kutsokomola, koma mumtima anadziwa kuti mayiyo sanalakwe. Anamubwereka Sajeni kuti mtima utsike. Kuyambira pamenepo, buku likakhala lolemera ankawonjezera kachiganizo kamodzi kumapeto: "Limeneli ndi la anthu oleza mtima." Owerenga anakazolowera, olembanso anakazolowera, ndipo palibe amene anakwiya nako.

A Lumo okha ndiwo sanagwirizane nazo. Loweruka lina ena atatsika, anatsala awiri akutsuka makapu.

"Achimwene, mukuwononga ana a eni," anatero a Lumo. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Inu mukungowapatsa shuga, ndipo inuyo muyenera kudziwa kuposa ine zimene shuga amachita ndi mano."

"Lumo limameta, Aphunzitsi, koma silimeretsa tsitsi."

"Ndiye bodza limeretsa?"

"Ndinanamapo liti? Tchulani."

"Kusiya choonadi china panja ndi bodza lovala tayi."

A Mano anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka chogwirira chinathyoka. Anali asanakwiyepo m'chipinda chimenecho. Anatsika masitepe osatsanzika, ndipo kwa miyezi ingapo awiriwo ankangopatsana moni wa pakamwa, wina kukhala kuwindo, wina kukhomo.

Mkati mwa miyezi imeneyo a Lumo anatulutsa kabuku ka ndakatulo zawo, zimene anakhala akuzisula kuyambira ali mnyamata. Sakanatha kudzilembera okha ndemanga, ndipo panalibe wina amene anadzipereka. Amene anametedwa kale anangoti zii, ena n'kumanong'onezana kuti mmeti naye amve kuzizira kwa mpala. Kabukuko kanakhala pa shelefu ya sitolo yapansi kakuchita fumbi. Kenako a Lumo anasiya kubwera Loweruka, ndipo anthu anati ndi manyazi.

Sanali manyazi a kabuku okha. M'mawa wina dokotala anasuzumira m'kachipinda nati kuli wodwala wofunika muyeso. A Mano atatuluka anapeza a Lumo ali pampando, mpango uli pakamwa. Matenda a usinini anali atawagwetsa mano onse akutsogolo. Munthu amene ankaimitsa kalasi ndi liwu limodzi tsopano mawu ankamuthawira m'mipata, ndipo ana asukulu anali atayamba kumuyeserera.

Sanapatsane moni wautali. A Mano anasakaniza zofewa zija, nadzaza kambale. "Tsegulani, Aphunzitsi. Lumani pang'ono. Musalankhule." Kenako anakoka kampando kawo.

"Kabuku kanu ndinagula tsiku lomwe kanatuluka," anatero. "Ndinangouma khosi, n'chifukwa chake sindinalembe. Ndakatulo ija ya kalasi yopanda ana pa tchuthi, mipando itakwezedwa pamadesiki, inu mukufufuta bolodi loyera kale. Ndinaiwerenga pa basi mpaka ndinapitirira potsikira. Sindinkadziwa kuti mumawasowa ana aja. Ndinkayesa mumangowachonga."

A Lumo sakanatha kuyankha. Anayang'ana kudenga, ndipo madzi anatsika m'mbali mwa diso kulowera kukhutu. Zofewa zija zimatulutsa misozi anthu ambiri, choncho a Mano anangowapatsa kathonje. Atachotsa kambale, a Lumo analavula, natsuka m'kamwa, nati movutikira, "Ya pa tsamba lomaliza ndi yoipa."

"Ndikudziwa. Sindiitchula."

"Bodza lovala tayi."

"Eya. Mubwere Lachinayi mudzayese."

Mano amenewo a Mano anawapala ndi kuwasalaza kuposa ena onse, nasiya dala kampata kakang'ono pakati monga analili akale, kuti ana asukulu asapeze poyambira. Ndemanga inatuluka Loweruka lomwelo. Inayamba ndi mawu akuti, "M'kabukuka mulibe namapopa ngakhale mmodzi, ndipo ndamukhululukira wolemba." A Lumo anabwereranso kugulu atanyamula kapu yatsopano yolowa m'malo mwa yothyoka ija, nanena pamaso pa onse kuti ndemangayo inali ndi mpumiro pamalo olakwika.

Zaka zimenezo ndi zimene a Mano ankazikumbuka kwambiri atakalamba. Gulu linakula mpaka makatoni anachepa. Mayi wa ku positi anatulutsa Sajeni wachiwiri. Wogulitsa mankhwala analemba buku lina lochepa thupi, galu wake n'kukhala moyo mpaka kumapeto. Ankatuluka m'chipindamo dzuwa litapendeka, akukangana m'masitepe, mwini sitolo akuwathamangitsa ndi makiyi m'manja.

Zinatha pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Nyuzipepala inasintha mkonzi, ndipo watsopanoyo anaika malonda a matayala pa kangodya kaja. Mwini sitolo anadwala, ana ake n'kugulitsa malowo kwa okonza mafoni. Gulu linayesa kukumana kunyumba za anthu, koma kunyumba kuli ana, kuli alendo, kuli wailesi, ndipo anthu anayamba kujomba. Mayi wa ku positi anasamutsidwira ku tauni ina yakutali. Kuchipatala nako dokotala wachinyamata anayamba kuitanitsa mano opangidwa ndi makina, ndipo zala za a Mano zinali zitayamba kunjenjemera. Tsiku lotsanzika anapukuta tebulo lija mpaka unaoneka mtundu wake weniweni, umene ngakhale iwo anali atauiwala. Pobwerera kwawo anadzera ku sitolo ya makope ija. Pawindo lapamwamba panali chikwangwani cha mafoni, ndipo m'nyumbamo munkamveka nyimbo. Anaima tsidya la msewu kanthawi, kenako anakakwera basi.

Miyezi yoyamba ya kupuma inawavuta. Ankangozungulira pakhonde, kusokoneza ulusi wa akazi awo. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito ku banki, ndiye anawagulira foni yaikulu nawatsegulira tsamba pa intaneti.

"Bambo, kangodya kanu ndi aka. Palibe mkonzi, palibe matayala. Muzilemba mmene mukufunira."

"Nanga awerenga ndani?"

"Lembani kaye, muona."

Ankalemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja, foni ikuwasinthira mawu mwamwano. Koma owerenga anabwera. Olemba achinyamata amene sanawaonepo anayamba kuwatumizira mabuku, ena a papepala, ena a pafoni pomwepo, ndipo ankawatcha agogo a anamapopa. Iwo ankawerenga lililonse mpaka kumapeto. Zokoma ankalemba poyera, za bongololo ankatumiza kumbali. Ankadandaula chinthu chimodzi chokha, chakuti foni ilibe fungo.

A Lumo anapuma ntchito maso atayamba kuchita khungu. Pomaliza sankathanso kuwerenga ngakhale mitu ya nyuzipepala. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi mlongo wawo m'kanyumba ka kumapeto kwa msewu wa basi. A Mano atamva anayamba kupitako masana a Lachitatu lililonse, buku lili m'thumba la jekete.

"Mwabwera ndi chiyani?" ankafunsa a Lumo ali pampando wa pakhonde, bulangete lili m'miyendo.

"Sajeni watsopano. Wafika dzana pa positi."

"Mulibe china? Munthu ndaphunzitsa ndakatulo moyo wanga wonse, ndidzafe ndikumva za oyamwa magazi?"

"Owerenga ndine, Aphunzitsi. Wopempha sasankha."

Ankawerenga pang'onopang'ono, akusintha mawu, la Sajeni lokhuthala, la apolisi lopyapyala. A Lumo ankadula pafupipafupi. "Bwerezani chiganizo chimenecho. Mwaona? Mneni ali kutali ndi mwini wake." Koma a Mano akatseka buku kuti akagwire basi, a Lumo ankagwira mkono wa jekete. "Imani kaye. Ndiye mlonda uja anamupeza?"

"Lachitatu."

"Ndinu munthu woipa mtima. Anthu sakudziwani."

Atamaliza bukulo a Lumo anapempha kuti aliyambirenso, ati pofuna kutsimikiza zolakwa zina. Atalimaliza kachiwiri a Lumo anati, "Tulutsani foni yanu ija. Ndikufuna kunenapo, ndipo mulembe mmene ndanenera, osathira shuga."

A Mano anakonza magalasi, natukula chala chawo chimodzi chija.

"Lembani kuti: Bukuli lili ndi zolakwa zambiri. Mvula idakagwabe kuposa muyeso. Ndinalimvetsera lonse kawiri, ndipo ndikadakhala ndi maso ndikadaliwerenga kachitatu ndekha. Wolemba wake ndinamulakwira tsiku loyamba, osati pa zimene ndinanena, koma pa zimene sindinanene. Basi. Ikani dzina langa."

"Liti? La pa chitupa?"

"Lija mumanditchula kumbali. Mumayesa sindilidziwa?"

Mawa lake mayi wa ku positi, ataona ndemangayo pa intaneti, anaimbira foni a Mano, ndipo a Mano anachita kukwera basi tsiku losakhala Lachitatu kuti awiriwo alankhulane. Mayiyo, amene tsopano anali ndi zidzukulu, ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. A Lumo anamvetsera foni ili pakhutu, nkhope ili gwaa ngati ali m'kalasi, kenako anati, "Chabwino, mayi, zamveka. Tsopano lotsatira mulifulumize. Ena a ife tilibe nthawi yambiri."

Mayiyo anafulumiradi, koma mabuku sapsa ngati ndiwo. A Lumo anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, ali m'tulo masana pampando wawo uja. Buku linafika patapita miyezi, ndipo patsamba loyamba panali posindikizidwa kuti ndi la Aphunzitsi ndi a Mano. A Mano analitenga Lachitatu, nakwera basi mpaka kumapeto kwa msewu. Mlongo wa a Lumo anawatulutsira mpando ndi tiyi, nakhala pambali akusenda mbatata, ndipo iwo anatsegula mutu woyamba nayamba kumuwerengera mlongoyo.